Filimu Imene Anasankha Apongozi

Pali masiku ena amene munthu umalakalaka pansi patang'ambika kuti ulowemo. Vuto lake ife timakhala fulati yapamwamba, ndiye pakanang'ambika ndikanagwera pa sofa ya mzungu wapansi, amene kale amadandaula kuti timayenda ngati tikusinja. Choncho ndinangokhala pomwepo chogwada, apongozi anga ali uku, mayi busa ali uko, ndipo pakhoma pali chinthu choti sindingachitchule m'ndime yoyamba.

Ndiyambe ndi kunena ndekha, poti mukamva kwa ena awonjezera mchere. Ine ndimakonda mafilimu oseketsa aja a oimba magitala olusa. Mukuwadziwa. Bambo wamkulumkulu, tsitsi ngati mopu, buluku lachikopa lothina ngati analowamo ali khanda n'kukuliramo. Amaimba tsiku limodzi, sabata yonse yotsalayo ndi phwando. Mowa kuchita kusamba, atsikana atavala tinsalu tosakwana n'kuminira komwe, TV kuiponya pawindo la hotela, m'mawa kudzuka ali mu wilibala atakumbatira nkhukundembo yosadziwika mwini wake. Zotuluka m'kamwa mwawo n'zofunika sopo wochapira. Ine amene, woimba alito m'kwaya kuyambira kusekondale, mwini setifiketi ya zaulembi (ili mu sutikesi pansi pa mabulangete, ikudikira tsiku lake), ndimaonera zimenezo n'kumaseka mpaka kutsamwa.

Sindinayambe dala. Tamanda, mwana wathu woyamba, anabadwa nyengo yozizira, kudzera opaleshoni. Amene munakhalako ku Dudley, kuno kudziko la azungu, nyengo imeneyo mukudziwa kuti dzuwa limangosuzumira ngati mlendo wolakwitsa khomo, kenako lapita. Bambo a Tamanda ndi nesi, mashifiti awo aja ochoka kuli mdima n'kubwera kuli mdima. Ine ndinali pa matenite, tchuthi cha uchembere, ku keya homu yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito. M'nyumba tinkatsala awiri, ine ndi kamunthu kosayankhula, ndipo ine ndine wamantha chibadwire. Mwana akagona kwambiri ndinkamuika chala pamphuno kuti ndione ngati akupuma. Akapanda kugona ndinkafufuza pafoni. Kachiphuphu kamodzi patsaya, ine ndawerenga kale matenda onse a padziko n'kuwapeza onse mwa iye. Ndinkalira osadziwa chondiliritsa. Nesi woyendera makanda m'makomo anandiyang'ana tsiku lina n'kunena kuti mwana ali bwinobwino, koma mayi ake apeze chowaseketsa.

Chondiseketsacho anabweretsa ndi Bwalya, mnzanga wa ku Zambia amene timatembenuza naye nkhalamba kuntchito. Anabwera kudzaona mwana, anandipeza maso ali psuu, analanda rimoti.

"Iwe, leka kubelenga va matenda pa foni. Tamba iyi. Uzaseka maningi, na ma stitch yazamasuka."

Anatsala pang'ono kumasukadi. Ndinaseka nditagwira pamimba ndi pilo. Kuyambira pamenepo, masana aliwonse Tamanda akayamba kuyamwa, ine ndinkayatsa anthu anga amisala aja. Ndinkawaona akuphwanya zipinda za m'mahotela, ine n'kumati, pepa Tamanda, mayi ako sanatsuke mbale, komabe sanayendetsepo njinga yamoto m'khonde la hotela ali ndi kabudula wam'kati yekha. Zinkanditonthoza mtima.

Kenako kunabwera apongozi.

Mayi awo a bambo a Tamanda, aNaphiri, ndi ochokera ku Dedza, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwawo, munthu woti akakuyang'ana umakumbukira machimo a chaka chatha. Anabwera kudzakhala nafe miyezi ingapo kuti aone mdzukulu, inenso ndipezeko mpata woyambiranso mashifiti pang'onopang'ono. Koma panali opikisana nawo. Alamu anga a Tiyamike, achemwali awo a bambo a Tamanda, nawonso nesi, anabwera kuno kalekale, ndipo ali ndi nyumba yawoyawo ku Bilston, ya masitepe m'kati, ya kadimba kuseri komwe amalima nkhwani. Iwo kuyambira pa eyapoti ankanena kuti amayi sangakhale m'kafulati kopanda poyanika chitenje. Anagwirizana kuti amayi ayambira kwathu chifukwa cha khanda, koma akangoona kuti sakumva bwino, galimoto ya ku Bilston ili chire.

Ine mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Chiberekereni Tamanda, aka kanali koyamba kudzuka m'mawa n'kumva munthu wamkulu akutsokomola m'chipinda china. Koyamba kusamba osasiya chitseko chotsegula. Sindinkafuna kubwerera ku masana aatali aja a ine ndi khoma. Ndinatsimikiza mtima kuti apongozi sapita ku Bilston, zivute zitani.

Ndiye ndinasanduka mtengwa wa chitsanzo. Chitenje pamwamba pa jini. Duku kumutu ngakhale hita ikuyaka. Kugwada pa kapeti popereka madzi osamba m'manja, pomwe mpopi wa madzi otentha uli masitepe awiri okha kuchoka pomwe akhala. Pa TV ndinkangoika makwaya a kumudzi ndi maulaliki. Anthu anga amisala ndinawasiya pakati pa filimu, osatsanzika n'komwe. (Mawu akuti "pakati pa filimu" muwasunge, tiwafunanso.)

Apongozi anaphunzira msanga kugwiritsa ntchito rimoti. Itasowa kamodzi m'mphako ya sofa, mwana wawo n'kudandaula, anaganiza zoti isadzasowenso. Anayamba kuisunga kubanki. Azimayi mwandimva: m'kati mwa bulauzi, mbali ya kumanzere, komwe kumakhalanso foni ndi kampango.

Loweruka lina, masana, kunabwera alendo odzaona mwana: mayi busa a kutchalitchi kwathu ku Nechells, ndi alamu anga a ku Bilston amene anawatenga pagalimoto. Bambo a Tamanda anali ku shifiti. Ndinali nditakolopa mpaka kuseri kwa furiji, poti alamu anga akalowa m'nyumba maso awo amayamba m'makona. Titalonjerana, mayi busa atamunyamula Tamanda n'kumuyamikira masaya, ndinamugoneka m'kabedi kake pabalaza pomwepo n'kulowa kukhitchini kukakazinga mandasi.

Ndili mkati mokazinga ndinamva apongozi akunena kuti, "Makwayawa tawamva sabata yonse. Taimani ndione ngati muli zina."

Sindinade nkhawa. Ndinaiwala kuti TV zamakonozi zili ngati mwana wa neba, zimasunga chilichonse zaona n'kudikira alendo. Ukangoyatsa, pamwamba penipeni pamabwera mzere wa mafilimu amene sunamalize.

Tsono chithunzi cha filimu yanga chinali chotere: mwamuna wa tsitsi lalitali logwera m'mapewa, ndevu zake bwinobwino, mkanjo woyera wofika kumapazi, manja atatambasula, kumbuyo kwake kuwala, kutsogolo kwake chikhamu cha anthu atakweza manja m'mwamba. Musawaseke apongozi anga. Inunso mukanaganiza chimodzimodzi.

"Eya, apa pali filimu ya Ambuye," anatero. "Ngati aja ankationetsa pabwalo la sukulu."

"Ikani imeneyo amayi, tidalitsike," anatero mayi busa.

Kukhitchini ndinamva gitala. Kulira kwake ndinkakudziwa ngati kulira kwa mwana wanga. Ndinaima chilili, chipande m'manja, mandasi akupsa. Filimu sinayambire koyambirira, komwe mwina mayina akanawachenjeza. Inapitiriza pomwe ndinaisiyira.

Ndinazimitsa chitofu, n'kuika makapu ndi mandasi pa thireyi. Kulowa pabalaza pali akuluakulu sungathamange. Ndinafika pakhomo, n'kugwada, n'kuyamba kuyenda ndi maondo. Pa TV mwamuna uja anali pa siteji, anthu akulira misozi. Anagwira mtsikana wina pamutu, mtsikanayo n'kukomoka.

"Amen," anatero apongozi. "Wagwa ndi mzimu."

"Koma gitalayo?" anafunsa mayi busa, atapendeketsa mutu.

"Ndi zamakono izi mayi. Achinyamata amafuna zotero."

Ndinaganiza zoyamba ndi njira yaulemu. Ndinakagwada kutsogolo kwenikweni kwa TV, ndikuthira tiyi pang'onopang'ono, nditawongola msana kuti nditalike. Koma TV yathu ili pakhoma, ndipo ine ndine wamfupi ngakhale nditaimirira.

"Tasunthani pang'ono mayi a Tamanda, duku lanu likutchinga ophunzira," anatero apongozi.

Ophunzira akewo anali woimba ng'oma ndi anzake, ndipo panthawiyo anali atafika kuhotela. Mwamuna wa mkanjo uja anatenga botolo lalikulu, n'kulipendeketsa kukamwa osapumira.

"Kodi ndi ku Kana kuno?" anafunsa apongozi. Mawu awo anali atayamba kukayika.

Alamu anga anali ataika kapu pansi, akuyang'ana TV, kenako ine, kenako TV.

Njira yachiwiri. "Amayi, mundibwereke rimoti ndichepetseko mawu, mwana angadzuke."

"Musavutike, ndichepetsa ndekha." Anadzisisita pachifuwa, n'kudina pamwamba pa bulauzi osaitulutsa. Mawu anakwera. Anadinanso. Anakweranso. Tsono ndiuzeni inu, ndi mtengwa uti padziko lapansi amene angapise dzanja m'bulauzi ya apongozi ake? Rimoti inali pafupi ndi ine ngati mphuno ndi mlomo, koma inali kutali kuposa Dedza.

Pa TV phwando linali litakolera. M'chipinda munadzaza anthu, ena pa matebulo, ena pansi pa matebulo. Foni ya mwamuna uja inaitana, pa TV n'kuoneka gogo wina wa imvi ali yekha kukhitchini kwake, foni kukhutu, akuti mwana wanga, mwana wanga. Mwamunayo anaiyang'ana foniyo n'kuiponya m'thanki ya nsomba. Apongozi anati "Hii" chapansipansi. Kenako mwamuna uja anakwera pa tebulo lalitali la zakudya, pakati pa keke ndi nkhuku zootcha, n'kuyamba kuyankhula kwa anthu ake atakweza botolo.

Apa ndiye pomwe ndinadziphera ndekha. Ine ndinkadziwa chotsatira. Gawo limeneli ndinali nditalibwereza kangapo, chifukwa ndi pomwe Bwalya anagwa pa sofa ndi phwete. Ndinaona mayi busa, munthu wa Mulungu, ndasi lili m'manja, maso ali pa TV mosalakwa. Chifundo chinandigwira. Pakamwa panatseguka pokha.

"Mayi busa, tsinzinani! Akuvula!"

Onse atatu anatembenukira kwa ine. Pa TV munthu uja anali chivalire, mkanjo uli m'thupi mpaka kumapazi, akungoyankhula.

Ndinataya ulemu wonse. Ndinakwawa ngati buluzi kulowa kuseri kwa kabati, komwe kuli mawaya, n'kuzula pulagi yoyamba imene dzanja linagwira. Sinali ya TV. Inali ya kabokosi ka intaneti. Ndipo filimu intaneti ikazima siima nthawi yomweyo, imayendabe pang'ono ndi zomwe yasunga. Inayendadi pang'ono. Inayenda mpaka munthu uja anatembenuka, n'kugwetsa mkanjo, n'kuwerama kuti adumphire mu keke. Pamenepo ndiye inaima.

Sindikudziwa ngati munaonapo matako a mzungu pa TV yaikulu imene amuna anu anagula kuti azionera mpira. Anadzaza khoma lonse. Anali oyera ngati ufa woyera, ndipo anajambulapo chiwombankhanga, phiko lina uku, lina uko. Pakati pa TV panabwera kamkombero kaja kosonyeza kuti intaneti ikufunidwa, n'kumazungulira, n'kumazungulira, pa phiko la kumanzere.

Ndinamva basi ikudutsa panja, ndipo ndinasirira aliyense amene anali m'menemo.

"Mlamu," anatero a Tiyamike mofatsa, mawu aja amayankhulira ndi odwala ovuta. "Mwadziwa bwanji kuti avula?"

"Ndinangoona maonekedwe ake."

"Maonekedwe ake."

"Anthu oterewa amavula, alamu."

"Oterewa mwaonapo angati?"

Mayi busa anaimirira. Anamasula chitenje chomwe anamanga pamwamba pa diresi, cha maluwa abuluu, n'kuchiyala pa TV ngati akufunditsa maliro. Kenako anati, "Tiyeni tipemphere."

Tinatsinzina. Koma ine, ndi mantha anga aja, ndinali nditabwezeretsa pulagi mwakachetechete ndili kuseri kwa kabati, poganiza kuti intaneti ikabwera chithunzicho chichoka. Kabokosi kaja kamatenga kanthawi kuti kadzuke. Kanadzuka mayi busa ali pa "yeretsani nyumba ino, Atate". Pansi pa chitenje panamveka chiphokoso cha munthu akugwera mu keke, atsikana akukuwa, gitala, kenako mawu amodzi a Chingerezi amene ngakhale apongozi anga, omwe sukulu analekeza Sitandade 4, sanafune womasulira.

Mayi busa anakweza mawu. TV nayo inali pokwera kale. Anapikisana kwa kanthawi, mpaka alamu anga anadzuka, n'kupisa dzanja pansi pa chitenje, n'kudina kabatani kena m'mbali mwa TV. Inazima. Kabatani kameneko ine sindinkadziwa kuti kaliko. Pano ndimakadziwa kuposa tsiku langa lobadwa.

"Amen," anatero mayi busa.

Apongozi sanayankhe ameni. Anadzuka, n'kumunyamula Tamanda m'kabedi kake (anagona tulo pa zonsezi, mwana wozolowera), n'kulowa naye kuchipinda kwawo. Alamu anga anayamba kufunafuna makiyi a galimoto m'chikwama, nkhope ili ngati ya munthu amene walandira zomwe ankapempherera. Ine mumtima ndinati basi, apongozi akukapakira. Lolemba ndidzuka ndekha ndi khoma langa.

Ndinawatsatira, n'kugwada pakhomo.

"Lowani, tsekani chitseko."

Sutikesi yawo inali pamwamba pa wodilopu, sanaikhudze. Anali atamuvula Tamanda masokosi, akumudina timapazi ndi chala chachikulu. Kenako masaya. Kenako anamutukula kumuyang'ana kumimba.

"Mwanayu anayamba liti kuwaona anthu amenewa?"

"Sawaona amayi. Amakhala akuyamwa, amayang'ana kuno."

"Koma amakhala pomwepo."

"Eya."

"Munamutenga mwanayu?"

Nkhope yanga inatentha kuposa mafuta a mandasi aja. (Kwa inu okulira m'tauni: kwathu khanda limakhala lozizira mpaka makolo ake atachita mwambo womutenga, ndipo munthu amene wangochokera ku za m'banja ndi wotentha, sayenera kuliyandikira, lingatupe. Ndiye tsempho limenelo. Zotsalazo kafunseni azakhali anu.)

"Ayi amayi. Kuno kunalibe wotilangiza."

"Ndiye mwana wamuwisi chonchi, inu n'kumamuika pamaso pa chigulu chonse chija? Aliyense m'chipinda muja ndi wotentha. Ngakhale woperekera zakumwa uja sindikumukhulupirira."

"Koma amayi, ali mu TV. Ali ku Amereka."

"Hita yanu ija, moto wake munauonapo?"

"Ayi."

"Koma si imaumitsa zovala za mwana?"

Setifiketi yanga sinafike pamenepo.

Ndinkayembekezera ulaliki wa Sodomu. Sunabwere. Anangofunsa, maso ali pa mapazi a mdzukulu wawo, kuti mtsikana wa kwaya ngati ine zinthu zimenezi ndinazitola kuti. Ndiye ndinawauza. Za mdima wa masana, za chala pamphuno, za kulira m'bafa mpopi uli chitsegulire kuti mzungu wapansi asamve. Ndinawauza kuti anthu amisala aja ndi okhawo amene anandiseketsa nyengo yonse yozizira. Ndikunena choncho misozi inayambanso, ndipo ndinadzida, chifukwa kulira pamaso pa apongozi utawaonetsa kale chiwombankhanga n'kuwonjeza.

"Mwana wanga ankadziwa?"

"Ankabwera atatopa, amayi."

Anamuveka Tamanda sokosi imodzi.

"Ine nditabereka amuna anuwa, m'nyumba munkadzaza azimayi mpaka ena kukhala pakhonde. Ndipo musaganize kuti ankaimba za m'buku la nyimbo. Zimene ankakamba azimayi aja, mnyamata wanu wa chiwombankhangayu akanatola mkanjo wake n'kuthawa."

Anabisa nkhope m'khosi mwa mwana ngati akumununkhiza. Koma mapewa ndinawaona. Ankagwedezeka.

Titatuluka tinapeza alamu anga ataima pakhomo, jekete la amayi awo lili pamkono.

"Amayi, tiyeni. Katundu tidzatenga mawa. Room yanu ndinakonza kale."

"Ndipite kuti?"

"Ku Bilston. Mwaona nokha zomwe zili muno."

"Ndaonadi. Ndiye ndisiye mdzukulu wanga m'nyumba yoyaka moto chonchi? Kwanuko ndikalondera chiyani, nkhwani? Ine pano sindichoka. Pachikeni jeketelo pomwe mwalitenga."

Anthuni, ndinagwada masabata onse aja, maondo mpaka kuda, ndinakolopa kuseri kwa furiji, kuti apongozi asapite. Chomwe chinawasunga ndi matako a mzungu.

Alendo anatsanzika mandasi asanathe. Mayi busa potuluka anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kutsika masitepe ndi diresi lokha. Bambo a Tamanda atabwera madzulo n'kumva nkhaniyo kwa amayi awo, anagwedeza mutu mwaulemu, n'kunena kuti n'zomvetsa chisoni kwambiri, kenako analowa m'bafa n'kutsegula mpopi. Mpopiwo sunabise phwete lawo. Ndikudziwa tsopano kuti mzungu wapansi uja ankandimva nthawi yonse ija.

Mukuganiza kuti za tsempho ndinaziseka? Simukundidziwa. Mawa lake ndinali pafoni kufufuza ngati tsempho limadutsa pa TV. Palibe dokotala amene analembapo. Ndinkamudina Tamanda mapazi akagona, akadzuka, akamasamba. Ndinatsala pang'ono kumuimbira nesi uja, koma ndinalephera kupeza poyambira pofotokoza m'Chingerezi. Titapita kusikelo anati mwana akukula bwino kwambiri, masaya ndi a mkaka. Nditawauza apongozi anangoti, "Tinamupeza msanga."

Lolemba masana, mbale titatsuka, Tamanda atagona, apongozi anakhala pa sofa n'kumayang'ana chitenje cha maluwa abuluu chomwe chinali chikadali pa TV. Ine ndinali pansi, ndikupinda timalaya.

"Mayi a Tamanda."

"Wawa amayi."

"Gogo uja anaimbanso?"

"Gogo uti amayi?"

"Mayi ake a mnyamata uja. Amene foni yawo anaiponya kwa nsomba. Zandisowetsa tulo. Munthu kumubereka, kumulera, iye n'kukuponya kwa nsomba."

Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa, poti filimuyo sindinaimalize.

Anapisa dzanja kubanki. "Kamugonekeni mwana kuchipinda, mutseke chitseko. Pansi pa chitseko muikepo thaulo."

Tinaimaliza. Apongozi sanaseke poyamba, ankangowerengera zowonongeka. TV itaponyedwa pawindo anagwira kumutu: "Yabwinobwino!" Keke ija inawapweteka kuposa chiwombankhanga, anati ikanakwana ukwati wonse ndi ena n'kutengerako kunyumba. Anadandaulanso kuti m'filimu yonse palibe amene analonjera mnzake. Koma pomwe woimba ng'oma anadzuka atamatidwa kudenga ndi tepi, ndinamva kamawu kachilendo pambali panga, ngati ketulo ikuyamba kuwira. Anali aNaphiri a ku Dedza, mtsogoleri wa amayi, akupukuta misozi ndi nsonga ya duku. Kumapeto mnyamata uja anapita kwa amayi ake, atavala bwinobwino, n'kugogoda pakhomo. Apongozi anati, "Eya. Koma akanatenga kashuga."

Anakhala nafe mpaka tsiku lobwerera kumudzi litakwana, ndipo ku Bilston ankangopita Lamulungu lina n'kubwerako tsiku lomwelo. Ndinayambiranso mashifiti anga mtima uli m'malo. Masiku amene ndinali pa ofu, masana, tinali ndi pulogalamu yathu imene bambo a Tamanda ankaitcha maphunziro a Baibulo. Kutchalitchi mayi busa akamalalikira za maso kuti ndiwo nyale ya thupi, amayang'ana mbali yomwe ndakhala, ine n'kumayang'ana nsapato. Chitenje chawo sanachifunsenso, ndipo ine sindinapeze mawu obwezera.

Chinagwira ntchito chitenje chimenecho. Apongozi analamula kuti popeza ine ndimadziwa mafilimuwa, ndizikhala pafupi ndi TV nditachigwira, zikafika poipa ndizitchinga mpaka zitadutsa. Phunziro limene ndinatengapo ndi limenelo basi, kuti munthu uzidziwa nthawi yotchinga. Ngakhale pamenepo sindinakhoze. Tsiku lina, woimba wina atangogwira lamba wa buluku, ine ndinadzuka msangamsanga n'kutambasula chitenje.

Kumbuyo kwanga kunamveka kutsokomola.

"Mwafulumira, mayi a Tamanda. Tsitsani. Sanayambe."